CITSULO CIMENE CILETSA GALIMOTO KUPENDEKA

 Nyengo ya kukolola ikatha, tonse tifuna galimoto yotengera cimanga, nshawa ndi thonje kumsika. Ena muli ndi magalimoto anuanu, ena mulipira a anzanu, ndipo kawirikawiri pamwamba pa matumba pakwera akazi ndi ana. Cifukwa cace lero ndifuna kulankhula za citsulo cimodzi ca pansi pa galimoto, cimene ambiri sanacionepo, koma cisunga miyoyo yao.

Mukagwada ndi kusuzumira pakati pa mawilo akutsogolo a Hilux kapena Land Cruiser, mudzaona citsulo cacitali, conenepa kuposa cala cacikulu, cocokera ku mbali imodzi kufika ku inzace, copindika ku nsonga zonse ziwiri. Amakanika acichula kuti sitabilaiza. Nsonga iri yonse imangidwa pafupi ndi wilo ndi kacitsulo kakafupi kokhala ndi mphira. Tizitsulo timeneti ndito malinki.

Nchito yace ndi iyi. Galimoto ikakhota msanga, thupi lace lipendekera kunja kwa kona. Masipuling'i a mbali imodzi apanikizika, a mbali inayo amasuka. Pamenepo citsulo cija cipotoka, monga mupota nsalu pocapa, ndipo pokana kupotoka cibweza thupi la galimoto kuti liongoke. Koma mawilo onse awiri akakwera pamodzi pa mtumbira, ico sicipotoka ai, cingotsata.

Tsono bvuto libwera m'miseu yathu ya kumidzi, imene mvula yakumba. Wilo limodzi likakwera pa mwala ndipo linzace likalowa m'dzenje, pafunika kuti liri lonse litsate nthaka palokha. Citsulo cija cikaniza. Wilo la kudzenje lilendewera m'malere, nilingozungulira cabe, pamene linzace logunda pansi lisowa mphamvu. Galimoto iima. Ndico cifukwa madalaivala ena amasula malinki, nati galimoto yao tsopano iyenda bwino m'zigwembe.

Pa mau amenewo sanama, koma anena theka la coonadi. Tamverani za opanga magalimoto eni ace. Ku America, galimoto ya Jeep Wrangler Rubicon, kuyambira ya caka ca 2007, iri ndi batani lomasulira citsulo cimeneci poyenda pa miyala. Koma liwiro likapitirira makilomita 29 pa ora, makina acilumikizanso okha. Opangawo adziwa kuti galimoto yomasulidwa iyenera kukwawa ngati kamba, osathamanga. Yathu iribe makina otere. Dalaivala akamasula malinki kumudzi, naturukira pa Great East Road wosawabwezera, adzafika pa makona a m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa ndi galimoto yopepeluka ngati munthu woledzera, katundu ndi anthu ali pamwamba.

Potero sungani malangizo anai awa.

Coyamba, musalole kuti malinki acotsedwe pa galimoto yonyamula anthu ndi mbeu. Pofika pa malo oipa, tsitsani anthu, ponyani miyala ndi mitengo m'dzenje, ndi kuoloka pang'onopang'ono pa giya yoyamba. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Caciwiri, cherani khutu. Mukamva kugogoda pansi ca kutsogolo poyenda pa mseu wa mabampu, kapena mukaona kuti galimoto ipendeka kuposa kale pokhota, imani pamalo osalala, mugwire linki ndi kuligwedeza. Likakhala lolobodoka, kapena mphira yace ikang'ambika, pitani kwa makanika. Sinthani onse awiri pamodzi, pakuti anakalamba pamodzi. Kumanga ndi waya kapena ndi mphira ya cubu ndiko kudzinyenga.

Cacitatu, werengani matumba. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndiwo tani imodzi, ndipo magalimoto ang'ono otere sanapangidwe kuti asenze koposa pamenepo, kuwerengera ndi anthu omwe. Yalani matumba pansi mofanana mbali zonse, olemera pafupi ndi kwa dalaivala, ndi kuwamanga zolimba. Katundu akatalika m'mwamba, ngakhale citsulo catsopano sicingaletse galimoto kugubuduzika.

Cacinai ndi ca inu okwera. Muli ndi ufulu wa kufunsa mwini galimoto ndi kukana kukhala pamwamba pa matumba. Amfumu ndi atsogoleri a makopaletivu athandize pa ici polemba galimoto ya mudzi. Ndi bwino kulipira maulendo awiri koposa kutaya thukuta la caka conse m'phompho, pamodzi ndi amene analima.

Malinki awiri ndi tinthu tocepa mtengo poyerekeza ndi galimoto, ndi mbeu, ndi moyo wa mwana. Mvula isanayambe mu Novembala, pamene miseu ikali youma, aonetseni kwa makanika. Tsalani bwino, ndipo muyende mosamala.