UFULU WOSANKHA PENSHONI: PHUNZIRO LOCOKERA KU WEST VIRGINIA



Nkhani ya lero ikhudza ukalamba wa munthu wanchito. Icokera ku cigawo ca West Virginia m'dziko la America, kumene m'caka ca 2008 Nyumba ya Malamulo ya cigawoco inakhazikitsa lamulo lolola anchito a m'masukulu a boma kudzisankhira okha thumba la penshoni. Lamuloli silinakhudze aphunzitsi okha ai, komanso ophika, osesa ndi oyendetsa mabasi a ana a sukulu.

Thumba loyamba, lochedwa Teachers' Retirement System, linakhazikitsidwa m'caka ca 1941. M'thumba limeneli wanchito amasonkha magawo 6 pa magawo 100 alionse a malipiro ake, ndipo boma limamulonjeza penshoni ya mwezi ndi mwezi kufikira imfa. Pa caka ciliconse cimene wagwira nchito amawerengeredwa magawo 2 pa 100 a malipiro ake a kumapeto. Motero mphunzitsi amene waphunzitsa zaka 30 amalandira magawo 60 pa 100, ndipo amadziwiratu zimenezi asanapume.

Koma kwa zaka zambiri boma la cigawoco silinali kuikamo ndalama zokwanira, kotero kuti ngongole ya thumbalo inakula koopsya. M'caka ca 1991 akulu a boma anatseka khomo la thumbalo kwa anchito atsopano, natsegula lina lochedwa Teachers' Defined Contribution. M'thumba laciwirili wanchito anali kusonkha magawo 4.5, womulemba nchito naonjezapo magawo 7.5, ndipo ndalamazo zinali kulowa m'buku la munthu mwini. Iye yekha ndiye anali kusankha malonda oikamo ndalama zake kuti zipindule. Malondawo akayenda bwino phindu linali lake. Akagwa, kutaya kunalinso kwake. Lonjezo la boma panalibe.

Makolo anati mlandu suola, ndipo ngongole nayonso siola. Kutseka thumba lakale sikunafafanize zimene boma linalonjeza kale kwa aphunzitsi opuma. Cinanso, patapita zaka kunaoneka kuti anchito ambiri oyandikira kupuma anali ndi ndalama zocepa m'mabuku ao, zosakwana kuwasunga pa ukalamba. Ici sicodabwitsa. Munthu amene waphunzira kuphunzitsa ana kuwerenga, kapena kuyendetsa basi m'mapiri a cigawo cimeneci, sanaphunzire za misika ya ndalama.

Cifukwa ca ici, m'caka ca 2005, pansi pa Bwanamkubwa Joe Manchin, boma linatsegulanso thumba lakale kwa onse olembedwa nchito kuyambira pa 1 July caka cimeneco. Funso linatsala pa aja amene analowa nchito pakati pa 1991 ndi 2005. Poyamba boma linafuna kuphatikiza matumba awiriwo, ndipo ambiri mwa amene anaponya voti m'caka ca 2006 anabvomera. Koma anchito ena anapita kubwalo la milandu, ndipo bwalolo linaletsa boma kutenga ndalama za m'buku la munthu popanda cilolezo cake. Apa ndi pamene panabadwira lamulo la 2008, loti munthu aliyense asankhe yekha.

Lamuloli linali ndi mfundo ziwiri zazikulu. Yoyamba inali yakuti kusamukako kucitike pokhapokha ngati anchito osacepera 65 pa 100 alionse asankha thumba lakale. Yaciwiri inali yakuti popeza osamukawo anali kusonkha magawo 4.5 m'malo mwa 6, zaka zao za nchito ziwerengedwe magawo atatu mwa anai, kupatula ngati munthu alipira ndalama zoperewerazo pamodzi ndi ciongoladzanja. Motero anzao amene anasonkha zambiri kuyambira kale sanaponderezedwe.

Atawerenga makalata, kunapezeka kuti anchito oposa 78 pa 100 alionse asankha kubwerera, ndipo anasamuka pa 1 July 2008. Pa 15 September caka comweco banki ya Lehman Brothers inagwa mu mzinda wa New York, ndipo misika ya ndalama inagwa m'maiko ambiri. Amene anali atasamuka penshoni yao inali itakhala kale lonjezo la boma. Amene anatsala anakhala pa cisankho cao, monga lamulo linawalolera, pakuti kwa munthu wosafuna kukhalitsa pa nchito imodzi buku lakelake lili ndi ubwino wake: ndalama zimene wasonkha amapita nazo.

Tsono ufulu wosankha ukanakhala wacabe thumba lakale likanakhala lobooka. Ndiye cifukwa cake m'caka ca 1994 boma la cigawoco linadziikira lamulo lobweza ngongoleyo pa zaka 40, ndipo m'caka ca 2007 linaikamo madola 807 miliyoni ocokera ku ndalama zimene makampani a fodya anagwirizana kulipira zigawo za dzikolo.

Phunziro lake ndi ili. Boma likapatsa wanchito matumba awiri, likhala litamusenzetsa udindo wolemera, ndipo liyenera kumufotokozera poyera ubwino ndi zoopsya za thumba lililonse, ndi kusonkha gawo lake caka ndi caka mosadumphitsa. Wanchito nayenso asanaike dzina lake pa kalata ayenera kufunsa mafunso atatu: Kodi pa tsiku lopuma adzalandira zingati? Nanga malonda akagwa, adzataya ndani? Ndipo akasankha lero, kodi mawa aloledwa kusintha? Anchito a ku West Virginia anadikira zaka 17 kuti apatsidwe mwai wosankha. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.