Akakuuzani Kuti Mutu wa Mwana Ndi Waung'ono

Amayi anzanga, m'sewero tamva lija, mayi wa mimba ya miyezi 8 anabwerera kunyumba akulira. Atamuunika kuchipatala anamuuza kuti mutu wa mwana ukuoneka waung'ono. Apongozi ake anati wina wamulodza, ndipo mayiyo analeka kupita kusikelo. Apa ndi pamene analakwitsa.

Choyamba, dziwani kuti muyeso wa m'miyezi yomaliza siulondola nthawi zonse. Pa nthawiyi mutu wa mwana umakhala utatsikira m'chiuno, ndipo makina sauona bwino. Komanso ambiri sitikumbukira tsiku limene tinasamba komaliza. Masiku akawerengedwa molakwika, mwana wabwinobwino amaoneka ngati wachepa. M'mabanja ena mitu imakhala yaing'ono mwachibadwa. N'chifukwa chake adokotala amaunikanso pakapita masabata awiri kapena atatu, kuti aone ngati mutu ukukula.

Chachiwiri, nthawi zina thupi lonse la mwana ndi limene lachepa, chifukwa sakulandira chakudya chokwanira kudzera m'nsengwa. Malungo, kuchepa kwa magazi ndi kuthamanga kwa magazi zimachititsa zimenezi. Zonsezi chithandizo chake chilipo kusikelo.

Chachitatu, sitikubisirani: pali ana ochepa amene mutu wawo umachepadi chifukwa ubongo sunakule bwino. Izi zimadza chifukwa cha matenda ena amene mayi anadwala ali woyembekezera, monga rubella, kumwa mowa, kusowa zakudya kwambiri, kapena chibadwa. Ku Brazil mu 2015 kunabadwa ana ambiri otere chifukwa cha kachilombo ka Zika, kofalitsidwa ndi udzudzu. Kuno kwathu katemera wa chikuku ndi rubella anayamba kuperekedwa kwa ana mu 2017. Si ufiti, ndipo si tsempho.

Yankho lenileni limadziwika mwana akabadwa. Anamwino amazunguliza tepi pamutu pake. Mwana wobadwa masiku atakwana, mutu wake umakhala wa masentimita pafupifupi 33 mpaka 36. Ukapezeka wochepa, amayezanso mwezi ndi mwezi. Ena mwa ana otere amakula ndi kuphunzira bwino. Ena amachedwa kukhala pansi, kuyenda ndi kuyankhula, kapena amakomoka. Amenewa amathandizika kwambiri akayamba msanga mafizo ndi mankhwala.

Tsono muchite chiyani?

1. Pitani kukaunikidwanso pa tsiku limene akuuzani. Tengani bambo a kunyumba kuti akamve okha.
2. Funsani kuti, "Wachepa ndi mutu wokha kapena thupi lonse?"
3. Imwani mankhwala oonjezera magazi ndi Fansidar monga akulangizirani, ndipo gonani m'masikito.
4. Lekani mowa ndi fodya. Musamwe mankhwala azitsamba. Palibe mtengo wokulitsa mutu wa mwana.
5. Mwana akachepetsa kapena kuleka kusuntha, kapena inu mukataya magazi, kutupa nkhope kapena kumva mutu kwambiri, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.
6. Kaberekereni kuchipatala. Ngati kwanu n'kutali, kadikirireni komweko.

Pa mimba yotsatira, yambani sikelo miyezi itatu isanakwane, ndipo unikitsani masabata 24 asanafike, pamene masiku amawerengeka bwino.

Kwa inu apongozi ndi abambo, mayi wotereyu musamuloze chala. Muperekezeni kusikelo.