Ulendo wa ku Nyanja Zisanu ndi Ziwiri za ku Rila

Lero tikambirana za nyanja zimene sizili m'cigwa monga Mweru kapena Bangweulu, koma pamwamba pa phiri. Aphunzitsi, onetsani ana dziko la Bulgaria pa mapu a Ulaya, ndiponso mapiri a Rila amene ali kumwera kwa mzinda wa Sofia.

M'mapiri amenewa muli nyanja zazing'ono zisanu ndi ziwiri, zosanjikana ina pamwamba pa inzace, pa msinkhu wa mamita 2,100 kufikira 2,500. Zapamwamba kwambiri zimapitirira nsonga ya mapiri athu a Mafinga. Kodi anakumba maenje ace ndani? Zaka zikwi zambiri zapitazo, madzi oundana anali kutsetsereka pang'onopang'ono m'phirimo, akupera thanthwe monga mphero. Atasungunuka, madzi anatsalira m'maenjemo.

Nyanja iriyonse iri ndi dzina loyenerana ndi maonekedwe ace. Yapamwamba pa zonse ndi Salzata, ndiko kuti Msozi, cifukwa madzi ace ngoyera. Okoto, kapena kuti Diso, ndiyo yakuya koposa, mamita 37. Babreka imaoneka ngati impso.

M'mwezi wa July, pamene ife kuno tikuotha moto, kumeneko ndi nyengo yofunda, ndipo magulu a anthu amakwera kukaona nyanjazi ndi kubwerera tsiku lomwelo. Gulu lanzeru limalawira m'mamawa, pakuti mvula ya mphezi imakonda kugwa masana. Aliyense amanyamula madzi, kamba ndi cobvala cofunda, cifukwa munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Wamkulu mmodzi amatsogola, wina amatsalira pambuyo, ndipo onse amayenda mwa liwiro la wofooka. Nkhungu ikagwa, njira imabisika mwadzidzidzi. Mwana wopatuka pagulu angathe kutayika ngakhale ali pafupi ndi anzace. N'cifukwa cace mtsogoleri amawerenga anthu ace pa nyanja iriyonse.

Nyanjazo nazonso zifunika cisamaliro. Kuyambira 1992 malowa ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo kusambamo n'koletsedwa. Mu 2009 anamanga mipando yoyenda pa cingwe yokweza anthu m'phiri, tsono alendo anacuruka. Akaponda pambali pa njira udzu umafa, ndipo mvula imakokolera dothi m'nyanja. Cimene cinapangika pa zaka zikwi cingathe kuonongeka m'mbadwo umodzi.

Tsopano nayi nchito yanu. Jambulani phiri ndi nyanja zisanu ndi ziwiri, mulembepo maina atatu amene mwamva. Kenaka, pamodzi ndi aphunzitsi, lembani malamulo asanu amene kalasi yanu idzatsata pokakwera phiri la kwanuko. Tsalani bwino.