Kuzindikira Maluwa Achikasu a ku Gombe la Nyanja Yamchere

 Lero tichoke pang'ono kwathu kuno, tipite ku gombe la nyanja yamchere ya India, kuyambira ku Maputo kutsetsereka mpaka ku Durban. Pa milu ya mchenga ya kumeneko pamamera maluwa achikasu ooneka ngati mpendadzuwa wamng'ono. Mlendo amayesa kuti onsewo ndi amodzi, koma paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Maluwawa ndi abale a chisoso ndi mpendadzuwa, m'banja limene akatswiri amalitcha Asteraceae. Tathyolani duwa la chisoso mulipenyetsetse. Chimene timati duwa limodzi, kwenikweni ndi timaluwa tambirimbiri tothithikana pakati, tina titazungulira m'mbali. Popeza abale onsewa ali otero, duwa lokha silingakuuzeni dzina. Yang'anani tsamba, msinkhu ndi chipatso.

Mukaona chomera choyanga pafupi penipeni ndi mafunde, cha masamba otambalala, ochindikala, okutidwa ndi ubweya wotuwa, chimenecho ndi Arctotheca populifolia. M'Chiafrikaans amachitcha seepampoen, ndiko kuti dzungu la kunyanja. Ubweyawo umachiteteza ku dzuwa ndi ku mphepo ya mchere.

Chachiwiri ndi Gazania rigens. Nachonso chimayanga, koma masamba ake ndi oonda ndi aatali, kawirikawiri obiriwira pamwamba ndi oyera kunsi. Mukathyola tsinde mumatuluka utomoni wonga mkaka, ndipo duwa lake limatseka usiku ndiponso kukachita mitambo.

Chachitatu sichiyanga ayi. Ndi chitsamba chotha kufika mamita 2, dzina lake Chrysanthemoides monilifera, kapena bitou. Chizindikiro chake ndi tizipatso tamadzi timene timada tikapsa, chinthu chosowa m'banja limeneli.

Nanga kusiyanitsaku kuli ndi phindu lanji? Kwawo ku gombe la Afrika, zomera zitatuzi zimagwira mchenga kuti mphepo isauulutse. Poona zimenezi, anthu a ku New South Wales, m'dziko la Australia, anabzala bitou m'magombe awo kuyambira 1946 mpaka 1968. Mbalame zinadya tizipatso tija ndi kumwaza mbewu ponseponse, chitsambacho n'kuphimba zomera za eni dziko. Mu 1999 boma la Australia linachiika m'gulu la zomera zoononga kwambiri. Lero amene amachizula kumeneko ayenera kuchidziwa bwino, kuopa kuzula chosalakwa ndi kusiya cholakwa.

Tsono omvera, mukapeza duwa lachilendo, kaya paulendo kaya kumunda, musafulumire kulitcha dzina kapena kutenga mbewu yake kupita nayo kwanu. Yambani mwatembenuza tsamba, muone kumene lamera, mudikire chipatso.