MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Mau olankhulidwa kwa alimi ndi mamembala a cipani ku Mphamba, m'boma la Lundazi



Lero ndifuna tikambe za zipani zimene zimati cuma ca dziko cikhale m'manja mwa anchito ndi alimi, ndi cifukwa cake zimagwa pa cisankho.

Tiyambe ndi kwathu kuno. M'caka ca 2014 a Wynter Kabimba anayambitsa Rainbow Party, cipani ca sosholizimu. Pa cisankho ca 2016 anaima pamodzi ndi a Cosmas Musumali. Pambuyo pace anapatukana, ndipo mu 2018 kunabadwa Socialist Party ya a Fred M'membe, imene a Musumali anakhalamo mtsogoleri. Kodi cinapindulika nciani? Mu 2016 a Kabimba sanapeze ngakhale voti imodzi pa mavoti 100 alionse. Mu 2021 a M'membe naonso cimodzimodzi. Pamenepo nkuti lamulo la 2016 likuti wofuna upulezidenti apambane theka la mavoti onse.

Tsopano tamvani za dziko lakutali la Argentina. Kumeneko boma linaika lamulo lakuti cipani cosafika pa 1.5 peresenti pa cisankho coyamba cisaimenso. Zipani zitatu zazing'ono za anchito, zimene zinali kukangana masiku onse, zinaona kuti zikapita padera-padera zidzafa zonse. Motero mu 2011 zinapangana mgwirizano wochedwa Frente de Izquierda. Cipani ciliconse cinasunga dzina lace ndi nyuzipepala yace, koma pa pepala la voti zinaima pamodzi. Mu 2013 zinalowetsa aphungu atatu m'nyumba ya malamulo.

Anzanga, phunziro lace ndi ili: mgwirizano weni-weni sumangidwa pa kugawana mipando ai, koma pa mfundo zolembedwa zimene mlimi angathe kuziwerenga.

Cotero atsogoleri akadzabwera pano atagwirana manja, musafulumire kuomba m'manja. Afunseni: mwapangana ciani pa mtengo wa thonje ndi nshawa? Fetereza adzafika mvula isanagwe? Nanga mukadzakangana, ndani adzasenze lonjezo lanu? Akalephera kuyankha, dziwani kuti denga lao liribe mizati.

Voti ndi yanu. Musaigulitse ndi citenje.