Kukhoti musavomere zomwe simunamve



Zaka zapitazo ndinaperekeza malume anga kukhoti la majisitireti kuno ku South Africa. Chingerezi chawo chinali cha pamsika. Funso lililonse ankangoyankha kuti inde, chifukwa kwathu anatilera kuti munthu wamkulu satsutsidwa. Pamene tinkatuluka, anali atavomera mlandu womwe sanaumve n'komwe.

Inu munabadwira kuno, chilankhulo sichikuvutani, ndipo zikavuta makolo adzaimbira inu. Choncho mudziwe gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1996. Gawoli silinena za nzika zokha. Limateteza aliyense woimbidwa mlandu, kaya ali ndi mapepala kaya alibe.

Munthu akamangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ayenera kutengeredwa kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likhale ngati maolawo athera pa nthawi yomwe khoti latseka. Ali ndi ufulu wokhala ndi loya. Ngati alibe ndalama, ndipo kusowa loya kungamupweteke kwambiri, boma limupezere. Imeneyo ndi ntchito ya Legal Aid South Africa. Mlandu uzengedwe m'chilankhulo chomwe akumva, apo ayi pakhale womasulira. Kupempha womasulira Chichewa si mwano.

Ine ndimagwira ntchito ya makompyuta. Makina akavuta, timawerenga zomwe anasunga. Chomwe sichinasungidwe sitingachitsate. Apilo imayenda chimodzimodzi. Khoti lalikulu nthawi zambiri siliitananso mboni. Limawerenga zomwe zinalembedwa kukhoti loyamba lija. Ngati bambo anu sanamve funso koma anangogwedeza mutu, woweruza wa apilo adzaona kuti anavomera. Ndiye ngati womasulira akupotoza mawu, kapena walankhula chilankhulo china, uzani loya nthawi yomweyo kuti dandaulolo lilembedwe.

Nthawinso ndi yochepa. Wogamulidwa kwa majisitireti ali ndi masiku 14 kuchokera pomwe chilango chaperekedwa kuti apemphe chilolezo chochita apilo. Akachedwa, ayenera kufotokozera khoti chifukwa chake, ndipo khoti litha kukana.

Malume anga analipira chindapusa, koma mbiri ya mlandu inawatsatira paliponse pomwe ankafunsira ntchito. Safunsa anadya phula. Mukafika kunyumba lero, awuzeni makolo m'Chichewa kuti kunena kuti “sindinamve” pamaso pa woweruza ndi ufulu wawo.