Mawu akasasa osabwerera: chenjezo la chifuwa chachikulu cha pakholingo



Pa Zalewa anthu ambiri amadya ndi pakamwa pawo. Pomwe msewu wa M1 ukumana ndi wa M6 wopita ku Mwanza, ogulitsa manachesi, nyama yootcha ndi makala amayamba kufuula m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo oitanira minibasi nawo sapuma. N'chifukwa chake munthu akasasa mawu saona chachilendo. Amati ndi fumbi, utsi kapena kukuwa kwambiri. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma pena kusasa mawu ndi chizindikiro choyamba cha chifuwa chachikulu chimene chafika pakholingo, pomwe pamachokera mawu a munthu.

Kachilombo ka TB kamakonda mapapo. Wodwala akamatsokomola, makhololo odzaza ndi tizilombo amadutsa pakholingo tsiku ndi tsiku, ndipo pamapeto pake pamatupa kapena kuchita zilonda. Odwala TB otere ndi ochepa, koma ali m'gulu la amene amapatsira anzawo mosavuta, pakuti tizilombo timatuluka ngakhale poyankhula chabe. Mu minibasi yotseka mawindo kapena m'nyumba yopanda mpweya wokwanira, munthu mmodzi angathe kudwalitsa ambiri.

Kusasa mawu kobwera ndi chimfine kapena kukuwa kumatha pakapita sabata imodzi kapena awiri. Kwa TB sikutha, kumangokulirakulira mpaka munthu kumayankhula monong'ona. Kumeza kumayamba kupweteka, ngakhale phala kapena malovu, ndipo ululuwo nthawi zina umafika kukhutu. Ena amamva ngati pakhosi pakhala kanthu kosachoka. Zizindikirozi zikaphatikizana ndi chifuwa chosatha, kutentha thupi madzulo, thukuta la usiku ndi kuwonda, nkhaniyo si ya mandimu ndi uchi ayi. Munthu amene wasasa mawu kupitirira masabata awiri apite akayezetse. Amene ali ndi HIV, matenda a shuga, kapena amene amakhala nyumba imodzi ndi wodwala TB asadikire n'komwe masabata awiriwo.

Poyambira ndi pa chipatala cha Zalewa, kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Wodwala amapereka makhololo, ndipo makina a GeneXpert amatha kuonetsa kachilomboko m'maola awiri okha, komanso kusonyeza ngati kakukana mankhwala a rifampicin. Pakafunika kuunika kwina, pali chipatala cha Lisungwi ndi chipatala chachikulu cha boma la Neno, kumene Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugwira ntchito ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo kuyambira mu 2007. Makhololo akapezeka opanda kanthu koma mawu osabwerera, wodwala asagwe mphwayi. Khansa ya pakholingo imayamba mofananamo, makamaka kwa osuta fodya ndi omwa mowa kwambiri, ndipo madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi amene amasiyanitsa ziwirizi.

TB ya pakholingo imachizika. Mankhwala ake ndi omwewo a TB ya m'mapapo, aulere m'zipatala za boma: mitundu inayi kwa miyezi iwiri, kenako mitundu iwiri kwa miyezi inayi. Kawirikawiri ululu umachepa ndipo mawu amayamba kubwerera m'masabata oyambirira. Apa ndi pomwe ena amalakwitsa, kusiya mankhwala poganiza kuti achira. Kachilombo kotsalako kamadzuka kolimba, ndipo chithandizo chake chimakhala chovuta. Wochedwa kuyamba mankhwala naye angathe kutsala ndi zipsera pakholingo, mawu osabwereranso mwakale.

Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. TB si ufiti, si chilango, ndipo si aliyense wodwala TB amene ali ndi HIV. Banja limene mwapezeka wodwala liyezetse lonse, makamaka ana osakwana zaka zisanu, amene amapatsidwa mankhwala oteteza. Mawindo a m'nyumba, m'tchalitchi ndi mu minibasi azikhala otsegula. Ndipo wamalonda amene mawu ake azimiririka kwa masabata angapo, anzake a pamsika amulondere katundu tsiku limodzi kuti iye apite kuchipatala.